Kasitomala wa Bambo Akufuna Vinyo

4 Febuluwale

Kamphuno mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kunjako ndipo ntchito ya kuhotelo ikuyenda. Ife kuno tilipo. Kometera kuja anthu akubwera mwa apo ndi apo. Achinyamata onse anathawira kwa mnzanga wa tsidya la msewu amene amajambula mizere m'mutu, ine ndatsala ndi madala anzanga a tsitsi lowerengeka koma nkhani zosatha.

Mayi ako akupereka moni. Ulendo uno salemba okha pansi pa kalata, akuti maso akuwavuta pang'ono.

Tsono pali kanthu. Ndili ndi kasitomala wina, munthu wabwino kwambiri, amene sanalawepo mowa chibadwire. Wamva kuti mwana wanga ndi katswiri wa zakumwa ku bala ya hotelo yaikulu, ndiye wandituma ndikufunse. Mowa wa m'botolo wabwino ndi uti? Nanga vinyo, wofiira kapena woyera? Akufunanso kudziwa za zosakaniza zija mumakhutchumula m'kachitini, mumati kokitelo. Ulembe zimene iweyo umazikonda ndi kapangidwe kake, ngati ukuphunzitsa mwana. Usachedwe kuyankha, kasitomalayu alibe nthawi yodikira.

Tchuthi chako cha Juni chilipobe eti? Chipinda chako ndapaka penti.

Ndine bambo ako.

22 Febuluwale

Amayi aang'ono,

Muli bwanji, nanga miyendo ija? Makina osokera akulirabe? Ine ndili bwino, kungoti kalata ya bambo yandisowetsa mtendere.

Chiyambire ntchito ino bambo sanandifunsepo za mowa ngakhale kamodzi. Pouza anthu amangoti ndimagwira kuhotelo, mawu akuti bala satuluka pakamwa pawo. Lero akuti kasitomala wawo akufuna kudziwa za vinyo. Kasitomala wanji wofunsa wometa za vinyo?

Inu mukudziwa kumene dzina la Kamphuno linachokera. Ndili wamng'ono, bambo akangofika pakhomo amayi ankandituma kukawalandira chikwama, ine n'kubwera kudzanong'oneza kuti lero amwa kapena ayi. Sindinaphonyepo. Mpaka lero ndikamawapatsa moni ndimayandikira dala n'kukoka mpweya, iwonso amadziwa, amangoyang'ana kumbali. Tsiku lija anacheka khutu la munthu manja akunjenjemera n'kulumbira kuti mowa basi, ine ndinawauza pamaso panu kuti akadzayambiranso adzadziwe kuti mwana wamkazi alibe. Papita zaka, koma mawuwo sindinawabweze.

Chonde pitani mukaone, ndipo musanene kuti mukubwera. Mukasuzumire kuseri kwa thanki ya m'chimbudzi, m'nsapato zazitali za mvula zija, ndi m'kabati ya malumo. Mukaone manja awo pothira tiyi. Mukawapeza akutafuna chingamu kapena adyo, mudziwe kuti zavuta. Za maso a amayi zija sindikuzikhulupirira. Ndikuganiza kuti kalatayo sanawaonetse n'komwe.

Ndine mwana wanu,
Kamphuno

12 Malichi

Kamphuno iwe,

Moni wako ndalandira. Miyendo ndi yomwe ija, makina akulira.

Mphuno yako si yamasewera ayi, imanunkhiza mpaka pa pepala! Ndisanapite n'komwe kunyumbako ndinawapeza alamu anga m'sitolo yaikulu, kumashelefu a mowa, atavala magalasi, akuwerenga botolo ngati nyuzipepala. Ine ndinabisala kuseri kwa sopo. Kutenga botolo, kuliyang'ana, kulibwezera, kutenganso lina. Sanagule, koma galu wamkota sakandira pachabe.

Loweruka masana ndinadutsa kometera kuja, ndinapeza loko. Wometa kutseka Loweruka, unamvapo? Ndinapitirira kunyumba. Bambo ako anatsegula chitseko atavala epuloni, ati akuphika. Mayi ako ndinawapeza ali gone pa sofa atafunda bulangeti, dzuwa lili pamutu. Awonda, mwana wanga, mphete ikuchita kuvuka yokha. Imeneyo ndi nkhawa, ine ndimaidziwa, anawondanso chimodzimodzi nthawi ija.

Ndinanamizira m'mimba n'kukafufuza monse unanena muja. Kuseri kwa thanki kulibe, m'nsapato muli akangaude. Koma m'kabati ya mbale ndinapeza tambula yatsopano, ija yokhala ndi mwendo, yomwera vinyo. Imodzi yokha! Munthu wogulira alendo amagula imodzi? Tiyi anathira osataya ngakhale dontho, koma zidakwa zokhwima zimatero. Ankangonunkhira sopo, ndipo sopo wochuluka chonchi masana akubisa kanthu.

Atatuluka ndinawafunsa mayi ako kuti kodi ayambiranso. Anaseka mpaka kutsokomola, ati: «Iwe ndi pakamwa pakopo, asiye amuna anga.» Mkulu wanga wakhala akuwabisira chikwatiwire, sangasinthe lero. Madzi saiwala khwawa, ine ndanena.

Mayi ako aang'ono

29 Malichi

Amayi aang'ono,

Zikomo, ngakhale kalata yanu ndinaiwerenga mtima ukuwawa. Bambo ndawayankha lero. Kubala kuno tili ndi njira yathu. Munthu amene tikufuna asiye kuitanitsa sitimukaniza, chifukwa ukamukaniza amayamba phokoso. Timangomupatsa chowawa, amadzuka yekha n'kumapita. Ndawasankhira zimene ngakhale alendo ozolowera ndimayamba ndawachenjeza. Alawe, nkhope ikwinyike, mwina nzeru zibwerera. Amayi musawauze.

Kamphuno

29 Malichi

Bambo,

Moni. Ndamva kuti muli bwino ndipo Loweruka mwayamba kupuma.

Kasitomala wanuyo muuzeni izi. Mowa agule wakuda bii, wa thovu lolimba, ndipo asauziziritse, aumwe wofunda. Vinyo agule wofiira, wosatsekemera, wachaka chino chomwe, atsegule n'kumwa pomwepo. Kokitelo imene ndimaikonda ine ndi iyi: jini theka la tambula, supuni yodzadza ya madontho owawa aja amagulitsa m'kabotolo kakang'ono, ndi khungu la ndimu pamodzi ndi choyera chake cham'kati. Shuga ayi, ayisi ayi. Akatswiri amamwa choncho.

Za tchuthi cha Juni ndayamba ndaimika kaye. Pali zina ndikufuna ndimvetse.

Amayi andilembere okha, ngakhale mzere umodzi.

Kamphuno

17 Epulo

Kamphuno mwana wanga,

Tilipo. Kalata yako inafika ndipo kasitomala uja anakondwa kwambiri, anandiuza ndimuwerengere kawiri. Zonse ndinagula monga unalembera.

Koma zinthu sizinayende. Mowa wakuda uja anangolawa n'kundifunsa ngati ndautunga m'ngalande. Vinyo anati wamumanga m'kamwa ngati nthochi yaiwisi. Kokitelo ndiyo anaiumirira, poti unati ndi imene iwe umaikonda. Anamwa pa supuni, pang'onopang'ono, misozi ili chuchuchu, kenako m'mimba munavuta tsiku lonse. Iye akuti vuto ndi lilime lake losaphunzira, osati iwe. Akutinso anthu olemera ngomvetsa chisoni ngati amavala masuti kukamwa zimenezi.

Ine za mowa wa kuhotelo sindizidziwa, umene ndinkamwa ine sunkafunsidwa kukoma. Koma kodi palibe chofewa, chotsekemera pang'ono, chosavuta kumeza? Taganizanso, mwana wanga.

Mayi ako maso akadali choncho. Za tchuthi zandikhumudwitsa. Bwera mu Juni. Sindinakupemphepo chinthu kawiri, koma ichi ndikupempha: bwera mu Juni.

Bambo ako

3 Meyi

Bambo,

Kasitomala wanuyo ndikumudziwa. Amameta anthu, ndipo ali ndi mkazi amene akuwonda ndi nkhawa pa sofa. Mukudziwa bwanji kuti m'mimba mwake munavuta tsiku lonse, mumagona kwawo? Tambula ya mwendo ili m'kabati ya mbale ndi yandani?

Ndikanakonda mukanangondiuza kuti mwagwa. Koma kundituma ine, ine amene, kuti ndikusankhireni chofewa chosavuta kumeza! Ndakwiya, bambo, ndipo ndikulira polemba izi. Tchuthi cha Juni ndamupatsa mnzanga wa pantchito. Mawu anga aja mukuwakumbukira. Musandilemberenso za mowa.

Kamphuno

20 Meyi

Mwana wanga Kamphuno,

Khala pansi usanawerenge. Ndinayesa kuimba lamya kuhotelo kwanuko, anandiyankha m'chilankhulo chawocho mothamanga, ndinangodula.

Dzulo masana ndinati lero ndikawagwire. Ndinalowera khomo lakuseri nsapato zili m'manja, ndinamva kulira kwa tambula kuchipinda, ine chitseko kankhu! Ndinapeza bambo ako atagwada pambali pa bedi, dzanja lina atachirikiza mutu wa mayi ako, lina atagwira supuni. Tambula ya mwendo ija ili pa mpando, muli mowa wakuda wako uja atauthira shuga.

Kamphuno, kasitomala ndi mayi ako. Akudwala, ndipo si maso. Kuchipatala anawabweza mu Januwale, madokotala anati chotupa cham'mimba chafalikira, palibenso chochita koma kuwasamalira kunyumba. Anawalumbiritsa bambo ako kuti asakuuze, poopa kuti usiya ntchito n'kutaya mapepala ako okhalira kunjako. Ine sanandiuze ati pakamwa panga ndi wailesi. Ndinakwiya, koma nanga akunama? Taona zimene pakamwapa pachita.

Kalata yako yomaliza bambo ako anaibisa, mayi ako sanawawerengere. Ndinawauza ndine zonse, za ukazitape wanga ndi za njira yanu ya kubala ija. Mayi ako anaseka mpaka tinachita kuwadzutsa kuti apume. Kenako anati nditenge cholembera. Mawu awo ndi awa, sindinachotsepo kapena kuwonjezera:

«Kamphuno, kamwana kopanda ulemu iwe, ndiye unandimwetsa mankhwala dala? Tamvera. Botolo ndakhala nalo pa mitala moyo wanga wonse. Linanditengera mwamuna, nditamulanditsa linanditengeranso mwana kupita naye kunja. Ndalida osalidziwa kukoma kwake. Ndiye ndinati ndisanapite ndimulawe mkazi mnzangayu, ndidziwenso chimene manja a mwana wanga amapanga chimene anthu amachiyamikira. Bambo ako amagula, amathira, amandimwetsa, kenako amakasamba m'manja ndi sopo kawiri kuti fungo lisawatsatire. Sanalawepo ngakhale dontho, ndipo ine ndikuona mmene zikuwawawira. Ulendo uno mphuno yako yanama. Uwapepese. Ntchito usasiye, ndakukaniza. Ungonditumizira chokoma, nthawi yachepa.»

Ine alamu anga ndawapepesa kale, ndinachita kugwada ndi miyendo yangayi. Anangoti palibe kanthu, munthu amene anabapo nkhuku sadabwa akamamuyang'ana m'thumba.

Mayi ako aang'ono

5 Juni

Amayi anga,

Ndilibe moni wabwino woyambira. Pepani. Bambo, ndikudziwa kuti mukuwerenga ndinu, pepani kwambiri. Kalata ija ing'ambeni.

Ndapita kwa abwana katatu. Tchuthi cha Juni ndinapatsa kale mnzanga ndipo wapita, akuti ine ndinyamuke Julaye akayamba. Ndikanatha kungotuluka lero lomwe, koma mwandikaniza, ndipo kusamvera kwanga kwakwana chaka chino. Mundidikire, amayi.

Tsopano tamverani zoona zake. Bambo, tengani pepala popita kusitolo.

Mowa ukhale woyera, wopepuka, wozizira kwambiri. Thirani theka la tambula, theka linalo chakumwa cha mandimu cha thovu chija. Umenewu ndi umene timamwa ife antchito tikaweruka kukatentha, suwawa n'komwe.

Kokitelo yanga yeniyeni ndi iyi, ndinaipeka ndekha ndipo alendo amabwerera chifukwa cha iyo. Finyani malalanje awiri akupsa. Sungunulani supuni ya uchi m'timadzi tofunda. Tikitani masamba a timbewu tonunkhira m'manja, musawadule ndi mpeni. Mowa waukali uja wa ramu wakuda, kasupuni kamodzi kokha. Zonsezi ikani m'botolo la pakamwa papakulu pamodzi ndi ayisi, tsekani, khutchumulani mpaka manja azizire, kenako sefani. Uchiwo ndinauika pokumbukira umene munkandipatsa ndikadwala chifuwa.

Koma ngati mphamvu ndi ya chinthu chimodzi chokha, chikhale vinyo. Woyera, wotsekemera, wa m'botolo lalitali lowonda. Mukafunse wogulitsa kuti mukufuna womwera pambuyo pa chakudya. Agone m'firiji. Thirani pang'ono m'tambula ya mwendo ija, ndipo amayi musafulumire kumeza. Yambani mwanunkhiza, mumva ngati mapichesi akupsa. Kenako kadontho pa lilime, kakhale pamenepo. Ameneyu ndiye ndimamukonda ine, ndipo ndikamuthirira munthu ndimayang'ana nkhope yake. Yanu ndikanakonda kuiona.

Akatsegulidwa sakhalitsa, pakapita masiku ochepa amasasa. Musasunge kuti mudikire ine, imwani.

Mwana wanu,
Kamphuno

24 Juni

Kamphuno mwana wanga,

Uthenga wa lamya unaulandira, ndipo ndikudziwa kuti sukanatha kufika. Mayi ako tinawaika bwino. Anthu anabwera ambiri, ngakhale mnzanga wa mizere uja anatseka kwake tsiku lonse.

Ndikulemba kuti udziwe kuti kalata yako inawapeza ali moyo. Ndinawawerengera, pofika pa uchi paja anandiuza ndibwereze. Mowa ndi kokitelo sitinayese, kumeza kunali kutavuta kale. Ndinathamangira vinyo. Wogulitsa anandipatsa wa botolo lalitali monga unanenera, ndinamugoneka m'firiji, m'mawa mwake ndinathira m'tambula yawo ija.

Ananunkhiza nthawi yaitali maso ali otseka. Ndinawaika kadontho pa lilime ndi supuni. Kenako anati: «Ha! Ndiye kamwana aka kamandimana zimenezi?» Anapempha supuni ina. Atatha anandigwira dzanja n'kunena kuti: «Bambo ake, mkazi mnzanga uja ngokongoladi. Tsopano ndamvetsa. Koma musabwererekonso.» Tsiku limenelo anagona bwino. Anatisiya patapita masiku awiri.

Tsono ndikuuze zoona, poti iwe ndi ine tanamizana kokwanira. Botolo lija likadali m'firiji, latsala pafupifupi lonse. Mayi ako aang'ono anafuna kulitaya, ndinawakaniza, ndi la mayi ako. Ndikudziwa unati amasasa, koma chidakwa sichisankha. Pamene mayi ako analipo zinali zosavuta, ndinali ndi wondiyang'ana. Pano nyumba ili zii, ndikatsegula firiji kutenga mkaka ndimaliona, nalonso limandiona. Mkaka ndasiya kugula. Mpaka lero sindinalikhudze, ndipo dzulo ndameta madala anayi popanda wotuluka magazi. Za mawa sindilonjeza, ndikuopa.

Ukafika ukhoza kundinunkhiza monga mwa masiku onse, sindidzakwiya. Chipinda chako penti inauma kalekale.

Bambo ako

8 Julaye

Bambo anga,

Ndikunyamuka mawa m'mawa, mwina kalatayi ndiipitirira panjira. Ndalembabe kuti mudzakhale nayo.

Botolo lisiyeni momwemo. Sindituma munthu kudzaliona kapena kudzaika chizindikiro pamene vinyo walekezera. Mwamuthira ndi manja anu miyezi yonseyi osalawa, pamene ine amene ndimadzitcha katswiri ndinkamwetsa mayi anga zowawa. Ndikafika tidzamutaya limodzi musinki, inu mudzagwira botolo, ine ndidzatsegula madzi. Tambula ya mwendo ija ndidzatsuka ndine. Kenako ndidzakupangirani ya malalanje ndi uchi ija, yopanda ramu, imakoma chimodzimodzi.

Mukagule mkaka. Kometera musatseke chifukwa cha ine, ndidzakupezani komweko. Ndikadzalowa musadzayang'ane kumbali, bambo. Ndidzakupatsani moni basi, sindidzanunkhiza.

Mwana wanu,
Kamphuno